Mpweya ukathawa m'ndege: masekondi 30 opulumutsa moyo

Kale kukwera ndege kunkaoneka ngati kwa azungu ndi akuluakulu a boma okha. Masiku ano si zachilendo kumva kuti bambo wa ku Ntaja wapita ku Haji ku Mecca, sisiteri wa ku Utale watumizidwa kukaphunzira ku Roma, mnyamata wa ku Ulongwe wapita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, kapena kuti wodwala wa ku Liwonde watumizidwa ku India kukachitidwa opaleshoni. Onsewa, ndege isananyamuke pa bwalo la Chileka kapena la Kamuzu ku Lumbadzi, amaonetsedwa zinthu zofanana. Wogwira ntchito m'ndege amaimirira pakati pa mipando, n'kunyamula kamasiki kachikasu, n'kuonetsa kavalidwe kake. Nthawi imeneyo ambiri amakhala ali pa foni kutsanzikana ndi abale, ndipo ena samva chifukwa Chingerezi chake chimakhala chothamanga.

Komatu mphindi ziwiri zimenezo zimanena za vuto limene ife anamwino ndi azamba timalimbana nalo tsiku ndi tsiku m'zipatala zathu: kuperewera kwa mpweya wa okosijeni m'thupi. M'nkhani ino tiona chifukwa chake ndege imapopedwa mpweya, chimene chimachitika mpweyawo ukathawa, ndi zimene oyendetsa ndege, othandiza apaulendo komanso inu amene mwakwera muyenera kuchita. Ndinene kale kuti vutoli limachitika mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zambiri ndege imatera bwino popanda womwalira. Ambirife tikamva za ngozi ya ndege timakumbukira ya pa 10 Juni 2024 ku Chikangawa, imene inatenga moyo wa Dr Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu. Imene ija ndi nkhani ina, chifukwa ndege ija inali ya mtundu wouluka m'munsi, wosapopedwa mpweya.

Ndege ili ngati chubu chopopedwa

Mpweya umene watizungulirawu umalemera, ngakhale ife sitimva kulemera kwakeko. Kumalo otsika ngati ku Liwonde m'mbali mwa Shire, mpweya ndi wothinana chifukwa wapsinjidwa ndi unzake wonse umene uli pamwamba pake. Munthu akamakwera, mpweyawo umanka nupepuka. Pa magawo 100 alionse a mpweya, magawo 21 ndi okosijeni, ndipo izi sizisintha kaya muli pansi kaya muli m'mwamba. Chimene chimasintha ndi mphamvu imene imakankha okosijeniyo kuchoka m'mapapo kulowa m'magazi. Pa mtunda wa mamita 5,500 mphamvuyi imatsika ndi theka. Ndege zikuluzikulu zimauluka pakati pa mamita 10,000 ndi 12,000, kumene imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi kapena kucheperapo, ndipo kunja kumazizira madigiri 50 kunsi kwa ziro. Ndege zimakwera chonchi chifukwa mu mpweya wopepuka zimathamanga bwino, zimadya mafuta ochepa, komanso zimakhala pamwamba pa mvula ndi mphepo zambiri.

Kuti anthu apume bwino kumeneko, ndege imapopedwa monga momwe wakabaza wa pa Balaka amapopera chubu cha njinga yake. Injini zimakoka mpweya wa kunja n'kuupanikiza. Mpweya wopanikizidwa umatentha, monga momwe pampu imatenthera m'manja mukapopa nthawi yaitali, choncho umayamba waziziritsidwa usanalowe kumene kuli anthu. Cha kumbuyo kwa ndege kuli valavu imene imatulutsa mpweya wakale pang'onopang'ono, ndipo kompyuta ndiyo imaitsekula ndi kuitseka kuti mpweya wa m'kati usachuluke kapena kuchepa. Zonse zikamayenda bwino, wapaulendo amapuma ngati ali pa mtunda wa mamita 1,800 mpaka 2,400. Uku n'kufanana ndi kukhala pamwamba pa phiri la Zomba, limene nsonga yake imapitirira pang'ono mamita 2,000.

Aliyense woyendetsa njinga amadziwa kuti tayala limatha mpweya m'njira ziwiri. Lina limaphulika kamodzi n'kamodzi, lina limaphwa pang'onopang'ono mwini wake osazindikira. N'chimodzimodzi ndi ndege. Zenera likasweka kapena khoma likabooka, mumamveka chiphokoso, mphepo imakokera mapepala ndi zovala kumene kwabookako, mumachita chifunga ngati cha m'mawa wa mu Juni, mumazizira, ndipo makutu amapweteka. Koma valavu ikaonongeka, kapena labala wa pachitseko akamadontha, sipakhala phokoso lochenjeza. Njira yachiwiriyi ndiyo yoopsa kwambiri, paja chakudza sichiimba ng'oma.

Zimene zimachitika m'thupi

Kuperewera kwa okosijeni m'thupi ife azachipatala timakutcha hypoxia. Ambiri amaganiza kuti munthu woperewedwa okosijeni amabanika n'kuyamba kuphupha. Sizikhala choncho nthawi zonse. Chimene chimatipangitsa kumva kubanika tikagwira mpweya ndi kuchuluka kwa mpweya woipa umene timayenera kutulutsa. M'ndege imene yataya mpweya munthu amapumabe, mpweya woipawo umatulukabe, choncho thupi silichenjeza. Ubongo ndiwo umayamba kuzima mwakachetechete. Munthu amamva mutu, chizungulire, dzanzi m'zala, ndipo maso amachita mdima. Ena amayamba kuseka ndi kusangalala ngati alawa kachasu, n'kumadziona kuti ali bwinobwino pamene akulephera kumanga lamba. Milomo ndi zikhadabo zimasintha mtundu. Kwa ife a khungu lakuda kusinthaku kumaoneka bwino pa lilime, m'nkhama ndi m'kati mwa milomo.

Akatswiri anayeza nthawi imene munthu amakhala akuganizabe bwino mpweya ukatha. Pa mamita 7,600 ndi mphindi zitatu mpaka zisanu. Pa mamita 10,700 ndi masekondi 30 mpaka 60. Pa mamita 12,000 ndi masekondi 15 mpaka 20 okha. Mpweya ukathawa mwadzidzidzi, nthawi imeneyi imatha kuchepa ndi theka. Kugwira mpweya sikuthandiza, chifukwa pamwamba chonchi okosijeni amene ali kale m'magazi amayamba kubwerera m'mapapo n'kutuluka. Chosangalatsa n'chakuti munthu wokomoka akavekedwa masiki msanga amatsitsimuka m'masekondi ochepa, ndipo nthawi zina sakumbukira n'komwe kuti anakomoka.

Zimene oyendetsa ndege amachita

Mpweya wa m'kati ukapepuka kufanana ndi wa pa mamita 3,000, alamu imalira kumene kumakhala oyendetsa. Choyamba chimene onse awiri amachita, asanafunse chimene chaonongeka, ndi kuvala mamasiki awo. Mamasiki a oyendetsa ndi osiyana ndi a apaulendo. Amalumikizidwa ku silinda ya okosijeni, amagwira nkhope zolimba, ali ndi cholankhulira m'kati, ndipo anapangidwa moti munthu avale ndi dzanja limodzi m'masekondi asanu. Akavala amayamba atsimikiza kuti akumvana. Kenako amagawana ntchito: mmodzi amaulutsa ndege, mnzake amayesa kutseka valavu ija ndi dzanja, amayatsa chizindikiro cha malamba, ndipo amakanikiza batani logwetsa mamasiki a apaulendo ngati sanagwe okha.

Mpweya ukakana kubwerera, mankhwala ake ndi amodzi: kutsika msanga. Woyendetsa amachepetsa mphamvu ya injini, amadzutsa timapiko tochepetsa liwiro, n'kuweramitsa ndege. Imatha kutsika mamita oposa 1,000 pa mphindi iliyonse. Ngati akukayikira kuti khoma la ndege lang'ambika, amatsika mosamala kuti lisapitirire kung'ambika. Mnzake uja amaitana oongolera ndege amene ali pansi ponena mawu akuti Mayday katatu, n'kuika nambala ya 7700 pa makina odziwitsa kumene ndege ili. Nambala imeneyi imauza aliyense woongolera kuti ndegeyo ili pa mavuto, ndipo amachotsa ndege zina m'njira yake.

Cholinga ndi kufika pa mamita 3,000, pamene munthu amatha kupuma popanda masiki. Mtunda umenewu ndi wofanana ndi nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, imene ili pa mamita 3,002. Apa mukuona kale vuto lina. Ndege singatsike kufika pa mamita 3,000 ngati pansi pake pali phiri lotalika chomwecho. Kilimanjaro ku Tanzania ndi wa mamita 5,895, ndipo ku Ethiopia kuli mapiri opitirira mamita 4,000. N'chifukwa chake ulendo usanayambe, oyendetsa amadziwiratu mtunda wotsikitsitsa umene angafike pa chigawo chilichonse cha njira, komanso mbali imene angathawire. Mafuta nawonso amawerengeredwa kale, popeza ndege youluka m'munsi imadya mafuta ambiri.

Wapaulendo amaona ngati ndege ikugwa, ndipo mantha amakula chifukwa kaputeni sakulankhula. Kukhala chete kumeneko sikutanthauza kuti zinthu zalephereka. Oyendetsa amaphunzitsidwa kuti choyamba aulutse ndege, chachiwiri adziwe kumene akulowera, kulankhula kubwere pambuyo. Pa 25 Julayi 2008, silinda ya okosijeni inaphulika m'ndege ya Qantas yochokera ku Hong Kong kupita ku Melbourne, n'kuboola khoma. Oyendetsa anatsika kuchoka pa mamita 8,800 kufika pa 3,000 m'mphindi zosakwana zisanu ndi imodzi, n'kukatera ku Manila. Mwa anthu oposa 360 amene anali m'menemo, palibe anavulala.

Ntchito ya othandiza apaulendo, ndi yanu

Mamasiki a apaulendo amagwa okha mpweya wa m'kati ukafanana ndi wa pa mamita 4,300. Othandiza apaulendo sathamanga kukathandiza anthu nthawi imeneyo. Lamulo lawo ndi kugwira masiki imene ili pafupi, kukhala pa mpando uliwonse wopanda munthu, ndi kumanga lamba kapena kugwiritsitsa. Ali pomwepo amafuula mawu afupiafupi olamula anthu kuvala mamasiki ndi kumanga malamba. Ena amaona ngati n'kudzikonda. Koma wothandiza amene akuyendayenda wopanda okosijeni amagwa pasanathe mphindi imodzi, ndipo ndege imatsala ndi wodwala wina m'malo mwa womuthandiza.

Inu zochita zanu ndi izi. Kokani masiki mwamphamvu kubwera nayo kumaso, chifukwa kukokako ndiko kumayambitsa okosijeni. Phimbani mphuno ndi pakamwa pomwe, kolekani labala kumbuyo kwa mutu, mangitsani, ndipo pumani monga mwa nthawi zonse. Kathumba kolendewera pa masiki kakapanda kufufuma musade nkhawa, okosijeni akubwerabe. Ngati mwavala masiki ya nsalu yodzitetezera ku matenda, yambani mwaichotsa. Mukamva kafungo ngati kachinthu kakupsa, dziwani kuti m'ndege zambiri okosijeni wa apaulendo amapangidwa ndi mankhwala amene ali m'kachitini pamwamba pa mpando, ndipo kachitiniko kamatentha kakamagwira ntchito. Okosijeni ameneyu amakhala mphindi 12 mpaka 20 kapena kupitirirako pang'ono. Zikuoneka zochepa, koma n'zokwanira kuti ndege ifike pamene mungapume nokha.

Za mphunozi ndanena dala. Pa 17 Epulo 2018, injini ya ndege ya Southwest Airlines ku America inasweka, ndipo chidutswa chake chinaphwanya zenera. Mayi mmodzi amene anakhala pa zeneralo anamwalira. Kaputeni Tammie Jo Shults anatsitsa ndegeyo n'kukatera ku Philadelphia, ndipo ena onse anapulumuka. Koma zithunzi zimene apaulendo anajambula zinaonetsa ena ataphimba pakamwa pokha, mphuno zili pamtunda. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Masiki nayonso imakupulumutsa ikakhala pamphuno.

Mfundo imene imavuta kwambiri amayi ndi yakuti muyambe mwavala inu musanaveke mwana. Mtima wa kholo umakana. Koma taganizani: mwana wamantha amakankha masiki, ndipo kulimbana naye kungakutengereni masekondi 30 amene muli nawo aja. Mukakomoka inu, nonse awiri mulibe wokuvekani. Mukayamba inu, ngakhale mwana atafooka pang'ono, mumuveka ndipo atsitsimuka. M'ndege mumakhala mamasiki apadera a makanda a pamiyendo, ndipo m'zimbudzi namonso muli mamasiki.

Lamba naye musamamasule chisawawa. Pa 5 Januwale 2024, chotsekera khomo cha ndege ya Alaska Airlines chinazuka itangonyamuka ku Portland. Mwamwayi mipando iwiri yoyandikana ndi bowolo inalibe anthu, ndipo ena anali asanamasule malamba. Anthu onse 177 anatsika amoyo.

Ndege ikafika pa mtunda wabwino, kaputeni amalengeza. Apa m'pamene othandiza apaulendo amadzuka atanyamula timasilinda ta okosijeni. Amayang'ana m'zimbudzi, amaona ana, okalamba, amayi oyembekezera ndi aliyense amene sanatsitsimuke, amasamutsa okhala pafupi ndi malo oonongeka, n'kukauza kaputeni momwe zinthu zilili. Kupweteka kwa makutu ndi kamfuno zimachitika kawirikawiri. Ndegeyo imakatera pa bwalo loyenera limene lili pafupi. Dziwaninso kuti ndege zina zing'onozing'ono za mapulopela, zimene sizikwera kupitirira mamita 7,600, zilibe mamasiki ogwa okha chifukwa zimatha kutsika msanga. Choncho ngakhale munakwerapo kale, mvetserani malangizo a ndege imene mwakwera tsiku limenelo.

Phunziro lowawa la ku Greece

Pa 14 Ogasiti 2005, ndege ya Helios Airways inanyamuka ku Larnaca, pa chilumba cha Cyprus, kupita ku Athens. M'mawa wa tsikulo amakaniko anayesa ngati ndegeyo ikudontha mpweya, ndipo batani loyendetsera mpweya linatsala pa malo oti munthu aziyendetsa ndi dzanja m'malo moti kompyuta iziyendetsa yokha. Oyendetsa anadutsa m'ndandanda wa zoyenera kuona katatu konse osazindikira. Ndege ikukwera, alamu inalira, koma kulira kwake kunali kofanana ndi kwa alamu ina imene imalira ndege ili pansi, ndipo anaganiza kuti makina angosokonekera. Makaniko wa pansi anafunsa pa wailesi za batani lomwelo, koma kaputeni, amene ubongo wake unali utayamba kale kuperewedwa okosijeni, anayankha zina. Kumbuyo mamasiki anagwa, koma oyendetsa sanavale awo.

Ndegeyo inapitiriza kuuluka yokha mpaka kukazungulirazungulira pamwamba pa Athens. Mnyamata wina wothandiza apaulendo, Andreas Prodromou, amene anadzisunga ndi timasilinda ta okosijeni, analowa kwa oyendetsa mafuta atatsala pang'ono kutha. Ndegeyo inagwa pafupi ndi mudzi wa Grammatiko patatha pafupifupi maola atatu chinyamukire, ndipo anthu onse 121 anamwalira.

Ngozi imeneyi inasintha zinthu. Anaonjezera nyale zosiyanitsa ma alamu awiri aja, ndipo makampani anatsindika kuti mamasiki akagwa koma ndege n'kumakwerabe, wothandiza apaulendo adziwitse kaputeni nthawi yomweyo. Oyendetsa amabwereza zochita pa ngozi zotere m'makina oyeserera pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, mpaka manja atazolowera. Ophunzira anga pa sukulu ya anamwino ndimawauza mfundo ziwiri zochokera pa nkhaniyi. Yoyamba, ndandanda wa zoyenera kuona suthandiza ngati ukungowerenga ndi pakamwa maso ali kwina. Yachiwiri, wamng'ono akaona chinthu cholakwika alankhule, ngakhale pamaso pa dokotala wamkulu. Ulemu umene umasiya wodwala akufa si ulemu.

Amene ayenera kuonana ndi achipatala asanakwere

Ngakhale ndege ilibe vuto lililonse, mpweya wa m'kati ndi wopepukirapo kusiyana ndi wa kwathu kuno. Kamakina kopana chala kamene timayezera okosijeni m'magazi kamaonetsa 95 mpaka 100 kwa munthu wabwinobwino ali pansi. M'ndege nambalayi imatsika kufika cha m'ma 90 mpaka 94. Wathanzi samva kanthu, koma amene akudwala kale akhoza kuvutika.

Woyamba ndi amene magazi ake ndi ochepa, vuto limene timaliona kawirikawiri kuno chifukwa cha malungo, likodzo ndi uchembere. Muyezo wa magazi ukakhala cha pa 8 kapena kucheperapo, munthu ayambe walandira chithandizo. Ena ndi odwala sickle cell, mtima, mphumu yosagonja ku mankhwala, ndi amene angochira chibayo. Ngati munthu sangayende mamita 50 osapuma wefuwefu, dokotala amuone kaye. Wodwala TB adikire mpaka achipatala atatsimikiza kuti sangapatsirenso ena. Mpweya wotsekeredwa m'thupi umafufuma ndege ikakwera, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, choncho amene wachitidwa kumene opaleshoni ya m'mimba, ya pachifuwa kapena ya diso afunse dokotala wake tsiku loyenera kunyamuka. Wofunika okosijeni paulendo adziwitse kampani ya ndege masiku angapo ulendo usanafike, chifukwa mamasiki ogwa aja ndi a pangozi basi.

Mayi woyembekezera amene alibe vuto lina akhoza kukwera ndege. Makampani ambiri amalola mpaka masabata 36 ngati mwana ndi mmodzi, ndi masabata 32 ngati ndi mapasa, ndipo kuyambira masabata 28 amafuna kalata ya kuchipatala. Funsani kampani yanu, ndipo buku la kusikelo likhale m'chikwama cha m'manja. Lamba adutse kunsi kwa mimba. Imwani madzi, ndipo muzidzuka kuongola miyendo kuti magazi asaundane m'mitsempha. Khanda lidikire litakwanitsa masiku asanu ndi awiri, ndipo lobadwa masiku osakwana liyambe laonedwa ndi dokotala. Ndege ikamatsika, muyamwitseni mwana kuti makutu asamupweteke. Akuluakulu azimeza malovu kapena kuyasamula.

Vuto lomweli lili pakhomo pathu

Ambiri mwa inu awerengi mwina simudzakwera ndege, koma kuperewera kwa okosijeni kumatipeza m'nyumba zathu zomwe. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, mabanja ena amalowetsa mbaula ya makala m'chipinda n'kutseka mazenera. Makala amatulutsa mpweya wapoizoni wopanda fungo, umene umakakamira ku magazi kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Zizindikiro zake n'zofanana ndi za m'ndege zija: mutu, chizungulire, nseru ndi tulo. Banja lonse likadzuka ndi mutu tsiku limodzi, musathamangire kunena malungo kapena ufiti. Tsekulani zitseko, tulutsani aliyense panja, thamangirani kuchipatala, ndipo kanenani kuti m'nyumba munali mbaula. Kunenako n'kofunika, chifukwa kamakina ka pachala kaja kamatha kuonetsa nambala yabwino pamene munthu ali ndi poizoni ameneyu.

M'zitsime zakuya namo mpweya wabwino umatha. Wokumba akakomoka pansi, mnzake amalumphiramo kuti amupulumutse, nayenso n'kukomoka. Apa m'pamene lamulo la m'ndege lija limagwira ntchito: wopulumutsa ayambe wadziteteza. Aliyense wolowa m'chitsime amangidwe chingwe m'chiuno asanatsike, ndipo pamwamba pakhale anthu okwanira kumukoka popanda wina kulowamo.

Achinyamata athu amene amapita ku Joni m'njira zachidule akumbukire za pa 24 Malichi 2020. Tsiku limenelo ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, akuluakulu a boma anatsekula kontena ya lole yochokera ku Malawi n'kupezamo anthu 64 ochokera ku Ethiopia atamwalira chifukwa chosowa mpweya. Amoyo anali 14 okha. Munthu asalole kutsekeredwa m'kontena kapena m'thanki, kaya wamulonjeza zotani.

Kwa ana, chimene chimalanda okosijeni kawirikawiri ndi chibayo. Werengani kapumidwe ka mwana kwa mphindi yathunthu ali phee. Wosakwana miyezi iwiri akapuma ka 60 kapena kuposa, wa miyezi iwiri mpaka 11 ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zisanu ka 40, ndiye kuti akupuma mothamanga ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati nthiti zikulowa m'kati, akulephera kuyamwa, kapena akungogona osadzuka bwino, musadikire kuti kuche. Mwana amene wasiya kulira n'kungoti zii si ndiye kuti wapeza bwino. Kamakina ka pachala kakaonetsa nambala yochepera 90, mwanayo amafunika okosijeni, ndipo achipatala chaching'ono akakutumizani ku chipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, nyamukani osayamba mwabwerera kunyumba.

M'chipinda chochilira, ife azamba tilinso ndi masekondi athu owerengeka. Mwana akabadwa osalira, timamupukuta ndi kumusisita pamsana, ndipo ngati sakupumabe, mphindi yoyamba isanathe tiyenera kukhala titayamba kumupumitsa ndi kathumba ndi masiki yophimba mphuno ndi pakamwa. Kathumbako timayenera kukayesa mayi asanachire, monga momwe woyendetsa amaonera mabatani ake asananyamuke, ndipo timabwerezabwereza pa chidole mpaka manja atazolowera. Chithandizo chimenechi sichipezeka kunyumba kapena panjira. N'chifukwa chake timapempha amayi kubwera kuchidikiro masiku asanakwane.

Tsiku limene inu kapena m'bale wanu adzakwere ndege, ikani foni pansi kwa mphindi ziwiri, onetsetsani kavalidwe ka masiki, ndipo werengani kapepala ka zithunzi kamene kali m'thumba la mpando wa kutsogolo kwanu. Ngati mwatsagana ndi agogo amene samva Chingerezi, afotokozereni m'Chichewa kapena m'Chiyao ndege isananyamuke: kokani, phimbani mphuno ndi pakamwa, mangani lamba, kenako thandizani mnzanu.